Agogo amene ndikuwasamalira ali ndi guwa la makandulo ndi mpeni, ndithandizeni maganizo

Nachisale: Moni abale nonse. Pepani ndilemba zambiri, koma nkhaniyi yandikhala pakhosi sabata yachiwiri tsopano. Ndinapeza ntchito yogonera komweko ku Somerset, m'dziko la England, kamudzi kena kufupi ndi Glastonbury, kusamalira agogo aakazi a zaka za m'ma 80. Ndi agogo aulemu, okonda nthabwala, chakudya sandiwerengera. Koma pabalaza pawo, pakona ya kumpoto, pali katebulo koyala nsalu yobiriwira. Pamenepo pali makandulo amitundumitundu, ena onunkhira mpaka kukhitchini, chikho chasiliva, mbale yathabwa yozokotedwa nyenyezi ya nsonga zisanu, kambale ka mchere, kabelu, kandodo kosalala, ndi mpeni wa chogwirira chakuda. Pansi pake pali kamphika kachitsulo ka miyendo itatu, ndipo pambali atsamiritsa tsache lomwe sasesera.

Tsiku lachitatu kunabwera katoni ya pa positi. Ine kusakasaka sizasi osaipeza, ndinangotola mpeni uja kuti nding'ambire. Abale inu, agogo oyendera ndodo aja anadzambatuka pampando ngati mtsikana wa netiboli! Sanandikalipire, koma nkhope inachita kusintha. Mtima utakhala pansi anandiuza kuti iwo ndi a chipembedzo cha Wicca, ndipo anadzitchula okha, masanasana, ndi liwu lija la Chingelezi lomwe ife timati mfiti.

Tsono vuto ndi ili. Pa 31 Okutobala akuti ndi usiku wokumbukira akufa awo, ndipo chaka ndi chaka amayatsira kandulo malemu amuna awo. Chaka chino manja akunjenjemera kwambiri, machesi sakugwirika. Andipempha kuti ndidzawayatsire. Ine ndine wa CCAP, mayi anga ndi a Mvano. Ndikayatsa ndiye kuti ndalowa nawo? Nanga ndikakana si nkhanza kwa munthu wamkulu?

Make Tadala: Iii achemwali, mukufunsanso? Munthu wakuuzani ndi pakamwa pake chimene iye ali, inu n'kumagonabe nyumba yomweyo? Paundi isakutsekeni m'maso. Imbirani kukampani akusinthireni nyumba. Ndipo dzanja lomwe linagwira mpenilo likufunika pemphero, izi si zosewera nazo.

Kondwani: Funso langa ndi limodzi asisi: lichero lilipo? Ngati lilipo afunseni mtengo wa Heathrow mpaka Chileka, matikiti a Disembala akwera udyo kkkkk

Make Tadala: A Kondwani, si zonse zoseka.

Mbewe wa ku Nottingham: Tiyeni tiyambe ndi liwulo, chifukwa ndi pamene tikupunthwa. Kwathu mfiti ndi munthu wobisala, woyenda usiku, wodya abale ake, ndipo palibe amene amadzipatsa yekha dzina limeneli. Agogo anuwo akamalitchula akunena chipembedzo chomwe amalemba ngakhale pa fomu ya boma. Pa kalembera wa 2021 ku England ndi Wales, anthu pafupifupi 13,000 analemba kuti ndi a Wicca, ndipo enanso pafupifupi 74,000 analemba kuti Pagan, dzina lophatikiza zipembedzo zolemekeza chilengedwe ndi milungu yakale.

Si chipembedzo chakalenso ayi. Anachitulutsira poyera ndi Gerald Gardner, Mngelezi amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Ceylon ndi ku Malaya n'kubwerera kwawo atapuma. Kufikira 1951 kuno kunali lamulo la 1735 lolanga aliyense wodzinenera kuti ali ndi mphamvu zamatsenga, ndipo mayi wina, Helen Duncan, anakalowa nalo m'ndende mu 1944. Lamulolo litangochotsedwa Gardner anayamba kulankhula kwa atolankhani, mu 1954 n'kutulutsa buku. Iye ankati mu 1939 anapeza kagulu ku New Forest, kummwera kwa England, komwe kankasunga chipembedzo cha makolo akalekale. Koma akatswiri a mbiri yakale, monga Ronald Hutton wa pa yunivesite ya Bristol, atafukula anapeza kuti zambiri anachita kutolera m'mabuku a matsenga, m'miyambo ya a Freemason ndi kwina. Mapemphero ambiri anawakonza bwino ndi mayi Doreen Valiente. Kunena zoona asisi, CCAP yanu ya 1924 ndi yaikulu pobadwa kwa Wicca.

Make Tadala: Zaka sizikusintha kanthu a Mbewe. Njoka yaing'ono nayonso imaluma.

Nachisale: Zikomo a Mbewe. Za mpeniwo anandifotokozera madzulo ake tikumwa tiyi. Akuti dzina lake ndi athame, ndipo chiulandirireni ali mtsikana sunadulepo kanthu, ngakhale ulusi. Ntchito yake ndi kuloza basi: amaugwira n'kujambula mzere wozungulira m'malere akamayamba mapemphero, kuti malowo akhale opatulika. Ndinaona ndekha kuti ndi wobuntha, katoni ija sunakaing'amba n'komwe. Wodulira ndi wina, wa chogwirira choyera, wopindika ngati kachikwakwa, amautcha boline. Umenewo ndiwo amadulira zitsamba kudimba ndi kulembera pa makandulo.

Chomwe chinandichititsa manyazi n'chakuti atandilanda anauwaza madzi amchere n'kuudutsitsa pa utsi wa lubani katatu. Ndinamva ngati ndatenga chikho cha Mgonero n'kumwera thobwa.

Che Jafali: Safunsa anadya phula, achemwali. Inu munatsala pang'ono kudya phula lenileni la makandulo kkkk

Nachisale: Ndavomera ankolo, ndaphunzira.

Nangondo: Ndilowepo pa za makandulozi poti ndi geni yanga. Ndimapanga kunyumba kuno ku Bristol n'kumagulitsa m'misika ya Loweruka, ndipo ena mwa makasitomala anga ndi anthu amenewa. Poyamba ankandidabwitsa. Munthu wanunkhiza kandulo, wayikonda, koma akuibweza pansi ati mtundu si womwewo. Kenako mayi wina anandikhazika pansi. Kwa iwo mtundu ndi uthenga. Yobiriwira ndi ya ndalama ndi zokolola, yofiira ya mphamvu ndi chikondi chotentha, ya pinki ya ubwenzi, ya buluu ya bata ndi kuchira. Yakuda, yomwe ife timathamangira kuiopa, iwo amati ndi yopirikitsira zoipa. Yoyera ili ngati nsima, imalowa ndi ndiwo iliyonse, ina ikasowa amayatsa imeneyo.

Fungo nalonso lili ndi ntchito yake. Lavenda ya tulo ndi mtendere, sinamoni ya mwayi pa malonda, rozi ya chikondi, lubani woyeretsera malo. Mwezi wa Okutobala zimene zimatha msanga pa tebulo langa ndi za rosemary, chifukwa kuyambira kale Angelezi amati chitsamba chimenechi n'chokumbukira omwalira, ankachiponya ndi m'manda momwe. Ndikhulupirira ya agogo anu ikhala imeneyo.

Asanayatse amayamba ayidzoza mafuta. Ena amayambira pakati kukwera, n'kubwereranso pakati kutsika, uku akuganizira chimene akupempha. Amalembapo dzina kapena chizindikiro ndi mpeni woyera uja kapena singano. Ndipo chonde musadzayizimitse ndi mpweya wa pakamwa. Ambiri amati ukauzira wabalalitsa pempho, ena amati wanyoza moto. Amatsina ndi zala zonyowa kapena kuvindikira ndi kachipewa kachitsulo.

Nachisale: Mayo ine! Ndiye chifukwa chake anangoti kukamwa yasa Lamlungu lapitali. Ndinaona kandulo ikuyaka iwo akuwodzera, ine fuuu! Sanayankhule kanthu. Kachipewa mukunenako kalipo, ine ndimayesa kabelu kachiwiri kosalira.

Kondwani: Asisi mwalakwira mpeni, mwalakwira moto. Chatsala ndi tsache. Musadzasesere chonde.

Nasibeko: Ine monga Mkatolika sindingadabwe ndi makandulo. Pa 2 Febuluwale timapita nawo kutchalitchi kukadalitsidwa. Kandulo ya Pasaka bambo mfumu amailemba mtanda ndi chaka, n'kubayamo timibulu tisanu ta lubani. Pa 2 Novembala timapempherera mizimu ya omwalira, ena amakayatsa kumanda komwe. Sindikuti n'zofanana ndi za agogowo ayi. Ndikungoti phula ndi chingwe sizinalakwe. Nkhani yagona poti ikuyatsidwira ndani.

Make Tadala: Eyaa, mwafika pamene ndimafuna. Ikuyatsidwira ndani? Afunseni agogowo kuti akagwada pa tebulopo amaitana dzina la ndani. Deuteronomo 18 sanabise mawu pa za kufunsira kwa akufa. Mukhoza kundinena kuti ndine wotsalira, koma ine dzanja langa silingayatse moto pa guwa lomwe si la Yehova.

Mbewe wa ku Nottingham: Apa Make Tadala akunena zoona, ndipo tisawapondereze. Si Chikhristu chovala malaya ena ayi. A Wicca ambiri amalemekeza milungu iwiri, wamkazi amene amamugwirizanitsa ndi mwezi, ndi wamwamuna wa nyanga ngati za gwape, mwini nkhalango ndi nyama. N'chifukwa chake pa maguwa ambiri pamakhala makandulo awiri akuluakulu, ina kumanzere ina kumanja. Nyangazo n'zimene zimachititsa anthu kuti ndi Satana, koma eni ake amakana, amati Satana ndi wa m'chiphunzitso cha Akhristu, iwo samudziwa. Lamulo lawo lalikulu likuti chita zomwe ufuna bola usapweteke wina, ndipo ambiri amakhulupirira kuti chomwe watumiza chimakubwerera katatu.

Zida zomwe Nachisale watchulazo zikuimira zinthu zinayi. Mbale ya nyenyezi ndi mchere ndi nthaka, mbali yake kumpoto. Chikho ndi madzi, kumadzulo. Mpeni ndi ndodo, china ndi moto china ndi mpweya, ndipo pamenepa eni ake amatsutsana okhaokha kuti chiti n'chiti. Kum'mawa ndi kwa mpweya, kummwera kwa moto. Pa mwambo waukulu amaika kandulo mbali iliyonse: yachikasu kum'mawa, yofiira kummwera, ya buluu kumadzulo, yobiriwira kumpoto. Za mpeni sindidabwa, Gardner ankakonda mipeni. Ali ku Malaya ankatolera ija yokhotakhota yotchedwa keris, mpaka analemba buku la zida zimenezi mu 1936.

Che Jafali: Ine changa n'cha lubani. Amene mumafukiza kutchalitchi a Nasibeko, amene amayi anga amafukiza kunyumba ku Mangochi, ndi amene agogo awa akufukizira mpeni, onse ndi utomoni wa mtengo wa Boswellia wa ku Somalia, Ethiopia ndi Oman. Amatema khungwa, utomoni n'kutuluka, n'kuuma. Mtengo umodzi, mabwana atatu. Koma mukandifunsa ine achemwali, kuyatsa sindingayatse, chipembedzo changa sichilola. Kuthawa nyumba nakonso sindingathawe. Munthu amene wakuuza poyera chimene amakhulupirira si woopsa ngati amene amakusekerera masana.

Dalitso ku Cape Town: Moni akuluakulu, ine ndimangowerenga koma lero ndiyankhulepo. Kuno ku Joni makandulo amitundu si nkhani ya azungu. M'mashopu a mankhwala azitsamba ali mbwee, ofiira, achikasu, a buluu, oyera, ndipo ogula ndi a Ziyoni ndi masangoma. Amayatsa pamodzi ndi imphepho, chitsamba chouma chija chomwe utsi wake amati umaitana makolo. Azungu a Wicca aliponso, koma masiku amawatembenuza poti nyengo za kuno n'zosemphana ndi za uko. Usiku wa akufa womwe agogo anu achite pa 31 Okutobala, a kuno amachita kumapeto kwa Epulo, pomwe kuzizira kukuyamba. Koma iwo ali pa mpanipani ndi dzina lomwelo. Kuli lamulo la 1957 lokhudza za ufiti, komanso kumidzi ya ku Limpopo ndi Eastern Cape anthu aphedwapo chifukwa cholozedwa chala ndi liwu limeneli. Ndiye mzungu wa mu tauni akamalivala ngati mkanda, anthu akuda ambiri zimawanyansa.

Mbewe wa ku Nottingham: Dalitso wakhudza penipeni. Ndi kwathu komwe, lamulo la 1911 lomwe atsamunda anatisiyira limalanga woloza mnzake chala kuti ndi mfiti, womwetsa mwavi, ndi wodzinenera kuti amatha ufiti. Maganizo ake ndi omwe aja a lamulo la 1735.

A Phiri aakulu: Ana inu, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Chimene chandigwira mtima n'chakuti agogo ngati amenewa, okhala okha, amasiye, olankhula ndi malemu amuna awo usiku, akanakhala kumudzi kwathu bwenzi pano tikumva pa wailesi kuti agendedwa. Ndipo ambiri amene amagendedwa kwathu alibe ngakhale kandulo imodzi, mlandu wawo ndi imvi. Tiziganizirapo tikamathamangira liwu limeneli.

Koma ine ndalowa kuti ndinene za ntchito, poti ndaigwira zaka khumi ndi zinayi. Mwana wanga Nachisale, za mzimu uweruza wekha ndi Mulungu wako. Chimene ndikuopa ine ndi moto. Kodi agogowo umawadzoza mafuta aja a khungu louma? Mafuta amenewo akalowerera m'zovala ndi m'mabulangete n'kuuma, nsalu imayaka ngati yathiridwa palafini, ndipo kuchapa sikuwachotseratu. Okalamba afa nazo zimenezi m'dziko muno. Ngati m'nyumbamo muli botolo la oksijeni ndiye nkhani yatha, moto usayandikire. Uwadziwitse abwana ako polemba, osati pakamwa, kuti zilowe m'ndondomeko ya chisamaliro. Nyumba ndi yawo, chipembedzo ndi chawo, lamulo la Equality Act la 2010 limawateteza monga limatetezeranso iwe. Sungawaletse, koma nawenso sangakukakamize kuchita mwambo. Ukangokhala chete n'kuchitika ngozi, mafunso onse adzagwera iwe.

Nachisale: Bambo, mafutawo ndimawadzoza m'mawa ndi madzulo, miyendo ndi mikono. Sindinaganizeko n'komwe. Oksijeni mulibe. Ndilemba uthenga usiku uno.

Nangondo: A Phiri anena zenizeni. Ndiwonjezere za makandulo a m'mashopu a matsengawa, chifukwa ambiri ndi okongola koma ndi misampha. Amathira maluwa ouma, timitengo ta sinamoni ndi timiyala tonyezimira pamwamba. Phula likasungunuka, maluwa aja amasanduka zingwe zina, kandulo yonse n'kukhala mbaula. Ndikunena zomwe zinandichitikira. Chaka changa choyamba ndinapanga khumi ndi awiri a lavenda wouma poti ndimaona akuyenda malonda. Mwamwayi ndinayesa imodzi kukhitchini. Patangotha ola limodzi lawi linafika msinkhu wa chikhatho, galasi n'kuti phwaa, alamu ya utsi kulira, ana kuthawira panja ndi zovala zogonera. Otsalawo ndinakanda maluwa onse ndi supuni.

Ndiye onani izi. Chingwe chidulidwe chitsale mamilimita 5. Isayake kupitirira maola anayi. Makandulo atalikirane masentimita 10, pa thileyi yachitsulo, kutali ndi katani. Ngati fungo likukupwetekani mutu mwina anachulutsa mafuta onunkhira, ife timaika pakati pa 6 ndi 10 pa 100 alionse a phula. Kapena apezereni ya phula la njuchi, imanunkhira uchi payokha osathira kanthu.

Kondwani: Bwanji osangowagulira aja a mabatire? Ndi otchipa, amaphethira ngati enieni.

Nachisale: Mwana wawo wamkazi anabweretsa kale paketi yonse. Agogo anawayang'ana n'kunena kuti amuna awo sanali a pulasitiki. Ali mu kabati mpaka lero.

Nankhoma: Kkkk agogo amenewa ndawakonda. Ine chaka chatha tinapita ku Cornwall ndi ana, n'kulowa m'nyumba yosungira zinthu za ufiti ya ku Boscastle, yomwe Cecil Williamson anaikhazika kumeneko mu 1960. Ili m'mbali mwa kamtsinje, ndipo madzi osefukira a Ogasiti 2004 analowa mkati. Ndinalowa mwamantha, ndinatuluka ndikuseka ndekha. Abale, azungu anali ndi zithumwa! Timiyala tobowoka topachika pakhomo, tizidole tobayidwa masingano, mabotolo okwirira pansi pa nyumba. Anali ndi asing'anga awo m'midzi, opeza katundu wobedwa ndi kutsirika ziweto. Ndinaima pamenepo n'kukumbukira momwe amishoni ankawotchera nsupa za makolo athu ngati kwawo kunalibe.

Mbewe wa ku Nottingham: Mabotolo amenewo ndi nsupa zenizeni. Lina linafukulidwa ku Greenwich mu 2004 lili chitsekere kuyambira zaka za m'ma 1600. Mkati munali mkodzo, misomali yachitsulo, mapini, tsitsi ndi zikhadabo. Ndipo taonani, linali lodzitetezera kwa mfiti, osati la mfiti. Kutanthauza kuti Angelezi akale liwulo ankalimva monga timalimvera ife. A Wicca ndiwo analitola pa dzala n'kulitsuka.

Nangondo: Ndipo izi za mitundu ya makandulo ndi mafuta odzoza, zambiri sizinachokere kwa makolo a Angelezi. Zinafala kwambiri kudzera kwa anthu akuda a kummwera kwa America, mu zomwe amati hoodoo, kumene amagwiritsanso ntchito makandulo aatali a m'galasi oyaka masiku asanu ndi awiri. Ambiri a iwo ndi anthu opita kutchalitchi, amayatsa uku akuwerenga Masalimo.

Make Tadala: Kuwerenga Salimo pa kandulo ya matsenga ndiye kuipiraipira. Amenewo ndi aja ofuna kukwera mabasi awiri nthawi imodzi.

Adimini: Tikuyenda bwino abale, koma tisanyoze mipingo ya anzathu. Pitirizani.

Kondwani: Ine ndaona geni apa. Ndinadutsa mu msewu waukulu wa Glastonbury mwezi wa Juni, shopu iliyonse ndi timiyala, makandulo, mitolo ya masamba. Kandulo imodzi yolembedwa kuti ya chuma inali £18. Ndinati inde ikugwiradi ntchito, chuma chikupita kwa mwini shopu.

Nangondo: Musaseke, mitolo ya masamba oyererayo ili ndi mlandu wake. Ndi chitsamba cha white sage chomera ku California, chopatulika kwa eni nthaka a kumeneko, ndipo akudandaula kuti anthu akuchizula m'tchire mosasamala kuti adyetse mashopu ngati amenewo.

Nachisale: Agogo anga za m'mashopuzo amaziseka. Akuti nthawi yawo kunalibe kogula, umachita kupanga. Kandodo kaja anadula okha pa mtengo wa hazel kuseri kwa nyumba, chikho anachipeza m'shopu ya kaunjika, tsache anamanga ndi amuna awo. Chogula chenicheni ndi makandulo basi. Ndipo a Nangondo mwalasa, ya pa 31 ndi ya rosemary, yoyera, ili kale pa tebulo yokulungidwa m'kansalu.

A Phiri aakulu: Kanthu kenanso. Akadzakutuma kuti upite ndi mpeniwo kwina, kaya kwa anzawo, kana. Lamulo la kuno pa zonyamula mipeni pagulu ndi lolimba. Limamvera munthu amene wanyamula pa chifukwa cha chipembedzo chake, koma chipembedzocho si chako. Wapolisi akakupeza nawo m'chikwama udzafotokoza chiyani?

Nasibeko: Nachisale, ine ndikanakhala iwe ndikanawauza chilungamo monga iwo anakuuzira chawo. Kuti amayi, ine ndine Mkhristu, mwambo sindichita nawo, koma sindikusiyani nokha ndi moto. Munthu wamkulu amamva.

Make Tadala: Ine ndanena zanga. Koma ndikupemphererani, ndipo usiku umenewo foni yanga ikhala yotsegula.

Nachisale: Abale, lero ndi pa 1 Novembala, ndabwera ndi lipoti. Ndinachita monga a Nasibeko ananenera. Agogo sanakhumudwe, anati akanadabwa ndikanavomera msanga. Abwana anayankha kuti kandulo imodzi yokha, pa thileyi, ine ndili pomwepo, ndipo madzulo amenewo mafuta ndiwadzoze mwambo ukatha. Ndinawaveka juzi yatsopano yomwe sinakhudzepo mafuta, manja ake ndinapinda mpaka m'zigongono. Bulangete la pamiyendo ndinachotsa.

Ndinagula laita yaitali ija yoyatsira mbaula kuti ayatse okha. Koma ili ndi kabatani koteteza ana, kofuna kukanikiza kwina uku ukukoka kwina. Anayesa kanayi, dzanja likungovina. Kachisanu ndinawagwira chigongono monga ndimawagwirira akamamwa tiyi, ndipo inayaka. Kaya pamenepo ndayatsa ndine kaya ndi iwo, Make Tadala muweruze.

Kenako ndinakakhala pa mpando wa pakhomo la kukhitchini, maso pa lawi. Ndimayembekeza zoopsa. Analiza kabelu kamodzi, n'kuloza ndi mpeni uja mbali zinayi ali chikhalire. Pa tebulo anaika chithunzi cha amuna awo, kambale ka tchizi ndi apulo wodula pakati, ndi kapu ya cider, mowa wa maapulo wa kuno ku Somerset. Basi n'kuyamba kucheza nawo. Kuwauza kuti denga la shedi likudontha, kuti mdzukulu wayamba yunivesite, kuti bondo lakumanzere likuvuta. Anawadandaulira kuti anapita osawaonetsa potsekera madzi. Penapake anaseka, penapake analira pang'ono. Anawauzanso za ine, ati kwabwera mtsikana wa ku Malawi amene anafuna kutsegula katoni ndi athame.

Atatha anatembenuka n'kundifunsa ngati ndili ndi wanga amene ndikufuna atchulidwe. Ndinati zikomo agogo, anga ndimawakumbukira m'njira yanga. Sanaumirire. Koma ndisaname, nthawi yonseyo m'mutu mwanga munali agogo anga a ku Dedza, momwe ankathirira ufa patsinde pa msolo uku akuwauza malemu agogo aamuna nkhani za pamudzi, ife ana titabisala kuseri kwa nkhokwe. Mayi anga ankakwiya nazo kwambiri.

Zonse zinatenga mphindi 40. Anazimitsa okha ndi kachipewa kaja, ine osauzira.

Make Tadala: Chigongono ndi chigongono, sindikuweruzani. Ine pamenepo sindikanakhalapo, ndipo maganizo anga sanasinthe. Koma ndathokoza kuti mwadzuka bwino. Lamlungu mupite kutchalitchi.

Nachisale: Ndipita amayi, basi ya 9 koloko.

A Phiri aakulu: Walemba m'buku la ntchito kuti kandulo inayatsidwa nthawi yanji ndipo inazimitsidwa nthawi yanji?

Nachisale: Ndalemba bambo, ndi za juzi zomwe.

Kondwani: Funso lofunika palibe wafunsa. Cider uja anamwa ndani?

Nachisale: M'mawa uno anandituma kukathira patsinde pa mtengo wa maapulo, tchizi ndinaikira mbalame. Musayambe a Kondwani. Koma a Nangondo ndithandizeni, phula linadonthera pa nsalu yobiriwira ija pomwe dzanja limanjenjemera, madontho atatu. Ndikuopa kuichapa ndingalakwitsenso kachitatu.

Nangondo: Yambani mwawafunsa ngati nsaluyo imachoka pa tebulo, ndipo zida asunthe okha. Akalola, ikani nsaluyo mufiriji ola limodzi, phula liuma gwaa, mukande ndi msana wa supuni. Chotsalacho yalani pepala la khaki pansi ndi pamwamba, mudutsitse simbi yofunda pang'ono, pepala limamwa lokha. Simbi isatenthe kwambiri, ndipo musathire madzi otentha.